Akuti mukajambulitse: kodi ndi X-ray, sikani, CT kapena MRI?

Pa benchi ya chipatala mawu amakhala amodzi: kujambula. Mayi wochokera ku Jali wafumbata buku lake la kuchipatala, akuti amulembera kujambula. Mnyamata wa kabaza amene wagwa pa Chinamwali, mkono ataukulunga ndi chitenje cha mlongo wake, nayenso akudikira kujambula. Agogo amene adzuka m'mawa kukamwa kutapotoka, ana awo aima pakona akunong'onezana za ndalama yokajambulira ku Blantyre. Onse atchula mawu amodzi, koma makina amene akuwadikira ndi osiyana ngati khasu, nkhwangwa ndi chikwakwa. Zonsezo ndi zitsulo, zonse zimapita kumunda, koma palibe amene amagwetsa mtengo ndi khasu chifukwa choti khasulo analigula modula.

Ndayamba ndi khasu dala. Ambirife makinawa timawaika pa makwerero: pansi X-ray, pamwamba pake sikani, kenako CT, pansonga penipeni MRI, poganiza kuti odula kwambiri ndiwo oona zonse. Wandalama amafuna kulumpha makwerero onse, wosauka amabwerera kwawo akudandaula kuti amupatsa zotsala. Onse awiri aphonya. Makina aliwonse ali ndi funso lake limene amayankha, ndipo funsolo limachokera kwa adokotala amene akumvetserani, akugwirani pamimba, amva m'chifuwa mwanu.

Kwa ife a kuno ku Zomba nkhaniyi ili ndi mbali ina ya mtunda. Zomba Central ndi chimodzi mwa zipatala zazikulu 4 za boma zolandira odwala otumizidwa, pamodzi ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Mzuzu Central, ndipo chimalandiranso anthu ochokera ku Machinga, Mangochi ndi Balaka. X-ray ndi sikani zili pafupi nafe. CT ndi MRI ndi makina owerengeka m'dziko lonse, choncho kawirikawiri amatanthauza kalata, thiransipoti ndi gadiyani. Musanagulitse mbuzi, ndi bwino kudziwa ngati ulendowo ukayankhe funso lanu.

X-ray: mthunzi wa fupa ndi mpweya

Iyi ndiyo yakale kuposa zonse. Anaitulukira ndi Wilhelm Röntgen wa ku Germany mu 1895, ndipo chithunzi chake chotchuka ndi cha dzanja la mkazi wake, mafupa ndi mphete zikuoneka poyera. Kagwiridwe kake sikanasinthe kwenikweni. Cheza chosaoneka ndi maso chimadutsa m'thupi n'kukagwera pa mbale imene ili kuseri kwanu. Fupa limatchinga cheza chambiri, motero limatuluka loyera. Mpweya sutchinga kanthu, motero mapapo abwinobwino amatuluka akuda. Mnofu, magazi ndi madzi zimatuluka zotuwa, zonse mtundu pafupifupi umodzi. Mukagwira mfundo imeneyi mwadziwa mphamvu ya X-ray ndi malire ake omwe: pamene pali fupa kapena mpweya ndi katswiri, pamene pali mnofu wokhawokha ndi yakhungu.

N'chifukwa chake mnyamata wa kabaza uja safunika choposa X-ray. Amujambula kawiri, chamaso ndi cham'mbali, pakuti fupa lothyoka limabisala likaonedwa mbali imodzi, monga mng'alu wa mtsuko umene suoneka mpaka utautembenuza. Pa zithunzi ziwirizo adokotala a mafupa aona ngati chikhakha chikwanira kapena pafunika opaleshoni yoika chitsulo, ndipo pakapita masabata angapo amujambulanso kuona ngati fupa likugwirana. Chenjezo ndi limodzi. Timafupa tina ta pamfundo ya dzanja timathyoka osaonekera tsiku loyamba, mng'alu n'kudzatuluka patapita masiku 10 mpaka 14. Adokotala akakumangani dzanja chithunzi chisanaonetse kanthu n'kunena kuti mubwerenso, sakukuseweretsani.

Pachifuwa ndi pamene X-ray imagwira ntchito yaikulu kwathu kuno. Imaonetsa chibayo, madzi odikha mozungulira phapo, phapo lophwa chifukwa nthiti yalibaya, mtima wokula mopitirira, ndi mabala a chifuwa chachikulu. Koma pa TB pafunika kudekha. X-ray imangoloza chala kuti apa pali zokayikitsa. Chotsimikiza ndi makhololo akawayeza pa makina a GeneXpert. Munthu amene anadwalapo TB n'kuchira amatha kutsala ndi zipsera m'mapapo moyo wake wonse, ndipo wowerenga chithunzi amene sakudziwa mbiri yake akhoza kuziyesa matenda atsopano. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti mapulogalamu a kompyuta aziwerenga X-ray ya pachifuwa pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo, zimene zimathandiza dziko ngati lathu kumene madokotala owerenga zithunzi ndi ochepa zedi. Komabe kompyutayo nayo ikakayikira imakutumizani kukapereka makhololo.

Pamimba ntchito zake ndi zochepa koma zolemera: mwana akameza ndalama yachitsulo, matumbo akapotana mimba n'kufufuma ngati ng'oma, kapena thumbo likabooka mpweya n'kuthawira pansi pa nthiti. Kupatula apo, chiwindi, kapamba ndi chiberekero imaziona monga mmene timaonera phiri la Zomba m'mawa wa mu Juni nkhungu itakuta. Ndipo amene amaumirira X-ray chifukwa mutu ukumuwawa akudzitayira nthawi. Chimene chituluke ndi chigaza, ubongo suoneka.

Sikani

Sikani ndi mnansi wa X-ray wosiyana naye khalidwe: imaona pamene inzakeyo ili yakhungu, imakanika pamene inzakeyo imaona. Ilibe cheza n'komwe. Kachipangizo kamene amakayendetsa pakhungu kamatulutsa mawu okwera kwambiri moti khutu la munthu silimva, mawuwo akagunda chiwalo amabwerera, kompyuta n'kupanga chithunzi kuchokera pa kubwererako. Ndi nzeru yomwe ija ya mileme imene imauluka mumdima osagunda khoma. Mafuta ozizira oterera aja si mankhwala ayi. Ntchito yake n'kuchotsa mpweya pakati pa khungu ndi kachipangizoko, chifukwa mawuwa amayenda bwino m'madzi ndi mumnofu koma amagonja pa mpweya ndi pa fupa.

Amayi oyembekezera ndiwo amaidziwa bwino, ndipo anayamba kuigwiritsa ntchito pa mimba m'zaka za m'ma 1950 ku Glasgow, motsogozedwa ndi dokotala wina dzina lake Ian Donald. WHO imalimbikitsa kuti mayi aliyense apange sikani kamodzi mimba isanakwane masabata 24, koma chifukwa chake ambiri sachidziwa. M'miyezi yoyambirira ana onse amakula pa liwiro lofanana, choncho sikani ya m'miyezi 3 yoyamba imatchula msinkhu wa mimba mosaphonya kuposa sabata imodzi. Ya mwezi wa 8 imatha kuphonya ndi masabata 3, pakuti pofika apo mwana wina ndi wonenepa, wina ndi wamng'ono. Tsono ife tili ndi chizolowezi chobisa pakati mpaka pataonekera pokha, kuopa maso a anthu, n'kukayamba sikelo mwezi wa 6 kapena wa 7. Pamenepo sikani yaphindu kwambiri ija yadutsa kale, ndipo tsiku limene anamwino adzafune kudziwa ngati mimba yapitirira masiku kapena mwana akubwera nthawi isanakwane, onse amangoganizira.

Imaonetsanso ngati muli mapasa, ngati mwana wagona chopingasa kapena watsogoza matako, ngati nsengwa yatseka njira, ndi ngati madzi achepa. Mayankho amenewa ndiwo amasankha malo ochirira: pa chipatala chaching'ono cha pafupi, kapena kukadikirira kumene amachita opaleshoni. Mayi wa pa chilumba cha Chisi, amene ayenera kuwoloka Chilwa pa bwato kuti afike pa Kachulu, sangadikire kuti matenda amuyambe kaye adziwe zimenezi. Palinso nthawi imene sikani siyenera kugona. Mayi amene sanasambe mwezi umodzi kapena iwiri, n'kuyamba kumva kupweteka mbali imodzi ya pachinena, kutaya magazi pang'onopang'ono ndi chizungulire, ayenera kuunikidwa tsiku lomwelo, chifukwa mimba yomera mu chubu kunja kwa chiberekero ikaphulika imapha m'maola ochepa. Funso limene azibambo amathamangira, lakuti ndi wamwamuna kapena wamkazi, limayankhika cha m'masabata 18 mpaka 20 ngati mwana wagona bwino, koma pa mafunso onse amene sikani imayankha ili ndiye lakumapeto.

Kunja kwa uchembere ntchito zake n'zochuluka kuposa mmene anthu amaganizira. Wovulala pa ngozi ya pa msewu wa M3 akafika wotumbululuka, adokotala amatha kuyendetsa kachipangizoka pamalo 4 a pamimba ndi pamtima n'kudziwa m'mphindi zochepa ngati magazi akutayikira mkati. Kwa munthu amene ali ndi HIV, akuonda, thupi likutentha, koma makhololo sakuonetsa kanthu, pali kaunikidwe kotchedwa FASH: amafufuza madzi mozungulira mtima ndi mapapo, anabere otupa m'mimba ndi timadontho m'kapamba, zizindikiro za TB yobisala kunja kwa mapapo. Kwa asodzi a ku Chilwa ndi alimi a mpunga a ku Domasi ndi ku Likangala, amene likodzo anakula nalo, sikani imaonetsa khoma la chikhodzodzo lokhuthala, impso zotupa chifukwa mkodzo sukutsika bwino, ndi chiwindi cholimba. Imapezanso miyala ya mu ndulu, zotupa za m'chiberekero, prostate yokula mwa abambo akuluakulu amene mkodzo ukuwavuta, ndi magazi oundana mumtsempha wa mwendo. Akailoza pamtima imaonetsa timakomo ta mtima tikutseguka ndi kutseka, ndipo ndi mmene amapezera mtima wa mwana umene unawonongeka ndi zilonda za pakhosi zosachizidwa.

Mutandifunsa makina amodzi amene ndingakonde atakhala pa chipatala chilichonse cha kumudzi, ndinganene awa osaganiza kawiri. Ena ndi aang'ono onyamulika m'chikwama, amayendera batire magetsi akazima, ndipo amapita okha pa bedi la wodwala m'malo moti wodwala akokedwe kupita kwa iwo.

Koma sikani ili ndi chilema chake: imadalira dzanja ndi maso a woigwira. X-ray wina akhoza kuiwerenganso mawa. Sikani imaoneka pamene kachipangizo kakuyenda, ndipo kapepala kakuda kamene amakupatsani ndi kachidutswa chabe ka zimene wojambulayo anaona kapena sanaone. Azakhali anga anavutika miyezi yambiri ndi ululu wotentha pamwamba pa mchombo. Analipira sikani katatu pa makiliniki olipira osiyanasiyana, ndipo katatu konse anawauza kuti zonse zili bwino. Anafika poyamba kukhulupirira kuti ndi za anthu. Palibe amene anawauza kuti m'chifu mumakhala mpweya, sikani siona bwino mkati mwake, ndipo zilonda za m'mimba sizingapezeke mwa njira imeneyo ngakhale mutabwereza ka 10. Chimene chimaziona ndi kapaipi ka kamera kolowetsa pakamwa, ndipo tsiku limene anawalowetsa kameneko chilonda chinapezeka. Chimodzimodzi munthu amene nsima yayamba kumukakamira pakhosi, kenako phala, kenako madzi. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo munthu wotere afunika kapaipi komweko, kapena X-ray yojambula akumeza phala loyera la barium, osati sikani ya pamimba.

Kukonzekera kwake n'kosavuta koma anthu ambiri amabwezedwa nako. Ya ndulu ndi chiwindi imafuna mukhale osadya maola pafupifupi 6. Ya pachinena imafuna chikhodzodzo chodzaza, ndiye imwani madzi ndipo mupirire, musathamangire kuchimbudzi dzina lanu lisanaitanidwe.

CT: pamene mphindi zili zodula

CT ndi X-ray yomwe ija koma yozungulira. Mumagona pa bedi lolowa m'chibowo chonga cha donasi, cheza chimakuzungulirani, kompyuta n'kuonetsa thupi lanu m'magawomagawo ngati buledi wodula kale. Wodwala woyamba anajambulidwa ku London mu 1971 pa makina a Godfrey Hounsfield, amene mu 1979 anagawana mphotho ya Nobel ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg. Kujambula kwenikweniko ndi masekondi, ndipo liwiro limeneli ndiye chuma chake.

Malo ake enieni ndi m'mutu. Munthu akhoza kugwa pa njinga yamoto, kukomoka pang'ono, kudzuka, kuyankhula bwinobwino, kuseka ndi anzake, kenako patapita maola n'kuyamba kuwodzera mpaka osadzukanso. Nthawi yonse imene amasekayo magazi anali akudikha pakati pa chigaza ndi ubongo. X-ray siona magazi amenewo, sikani sidutsa fupa la mutu wa munthu wamkulu, MRI imachedwa. CT imawaona pompopompo, ndipo akawachotsa msanga munthu amachira. Wovulala m'mutu akamasanza mobwereza, akamawodzera, akamayankhula zosokonekera, akagwa khunyu, kapena magazi ndi madzi zikamatuluka m'khutu, musamugoneke kunyumba kuti muone mawa.

Agogo a kukamwa kopotoka aja nawonso funso lawo ndi la CT. Sitiroko ili mitundu iwiri: mtsempha wa mu ubongo umatsekeka, kapena umaphulika. Kunja zimaoneka zofanana, mkono ndi mwendo kufa mbali imodzi, mawu kulemera, koma chithandizo chake n'chotsutsana. Asipirini amathandiza pa mtsempha wotsekeka, pa wophulika amawonjezera kutaya magazi. Magazi otayika amaoneka pa CT nthawi yomweyo, pamene mtsempha wotsekeka umatha kusaonetsa kanthu m'maola oyamba. Choncho akakuuzani kuti CT sinaonetse magazi, sakutanthauza kuti agogo sakudwala; ayankha funso limene linafunsidwa.

CT imathandizanso kudziwa pamene khansa yafika asanasankhe opaleshoni kapena mankhwala, kupeza miyala ya mu impso, ndi kuona mafupa othyoka movuta a msana, chiuno ndi nkhope. Nthawi zambiri amabaya mumtsempha mankhwala okhala ndi ayodini kuti ziwalo ziwale. Thupi limamva kutentha kwa kanthawi, ena mpaka amayesa adzikodzera, koma zimatha msanga. Mankhwalawa amatuluka kudzera mu impso, n'chifukwa chake amayamba ayeza magazi. Ngati muli ndi vuto la impso, mumamwa metformin wa matenda a shuga, kapena thupi lanu linakanapo mankhwala otere, nenani asanabaye.

MRI: yoona mozama, yosathamanga

MRI ilibe cheza cha X-ray. Imagwiritsa ntchito maginito amphamvu ndi mafunde onga a wailesi, n'kumvetsera mmene madzi a m'thupi akuyankhira. Makina ambiri a masiku ano ndi a 1.5 tesla, mphamvu yoposa maginito a dziko lapansi pafupifupi ka 30,000. Popeza mnofu uliwonse uli ndi madzi ake mosiyana, MRI imasiyanitsa zimene makina ena onse amaziona zotuwa: ubongo, mtsempha waukulu wa mumsana, timapilo ta pakati pa mafupa a msana, ndi minyewa ya m'bondo imene osewera mpira amadula.

Dziko lathu lili ndi mbiri yake pa makinawa. Mu 2008 anaika MRI pa Queen Elizabeth ku Blantyre, mogwirizana ndi Michigan State University ya ku America, ndipo gulu la dokotala wofufuza Terrie Taylor linayamba kujambula ana okomoka ndi malungo a mu ubongo. Zotsatira zinatuluka mu 2015. Pa ana 168 amene anawaunika, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo unali utatupa kwambiri pofika kuchipatala. Ubongo ukatupa m'chigaza chosatambasuka umafinya malo olamulira kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Funso lakuti n'chiyani chimapha ana otere, limene linavuta madokotala zaka zambiri, linayankhidwa pa mtunda wosakwana makilomita 70 kuchokera pa Zomba.

Komabe kwa wodwala wamba MRI ndi mlendo wovuta. Imatenga mphindi 20 mpaka ola, mutagona m'mphanga yopapatiza, makina akugogoda ngati chigayo, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Ana aang'ono amafunika kuwagoneka ndi mankhwala. Wodwala wothatha amene sangagone phee sangalowemo bwino. Ndipo maginito a makina ambiri sazima usana ndi usiku: makiyi, foni, lumo, ngakhale silinda ya okosijeni zimakokedwa mwamphamvu. Amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, chitsulo cha opaleshoni yakale, chipolopolo chotsalira, kapena amene amawotcherera zitsulo ndipo kachidutswa kanamugwerapo m'diso, anene asanalowe m'chipindamo. Zitsulo zambiri za opaleshoni za masiku ano sizivuta, koma woweruza ndi wojambula, osati inu.

Pamene ndimaona ndalama zambiri zikutayika ndi pa msana. Msana wowawa chifukwa cha khasu, mtolo wa nkhuni za kuphiri kapena kukhala pa desiki tsiku lonse, kawirikawiri umapola wokha pasanathe masabata 6, ndipo sufuna kujambula kwa mtundu uliwonse. Choonjezera apo, mutajambula MRI anthu achikulire amene sakumva kuwawa konse, ambiri mupeza timapilo tawo tatuluka pang'ono. Munthu amabwera ndi pepala lodzaza mawu oopsa, n'kuyamba kudwala pepalalo. Zimasintha ngati miyendo ikufooka kapena kuchita dzanzi, ngati mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka zokha kapena zikukanika, ngati munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, kapena pamsana pamera linunda. Apo pakhoza kukhala TB ya msana kapena chotupa chofinya mtsempha, ndipo ulendo wa MRI ndi woyenera mbuzi ija. Koma ngakhale pamenepo adokotala amayamba ndi X-ray ya msana imene ili pafupi, ndipo nthawi zina imakwanira kuti mankhwala ayambe lero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nanga cheza chija?

Pamabenchi pamamveka zambiri: akuti X-ray imaumitsa magazi, akuti imachepetsa masiku a moyo, akuti sikani imawotcha mwana. Za sikani ndanena kale, ilibe cheza. Za X-ray tiyeni tiwerenge. Munthu aliyense amalandira cheza cha chilengedwe kuchokera m'nthaka, m'miyala, m'zakudya ndi kumwamba, pafupifupi 2.4 millisievert (muyeso wa cheza) pachaka tikatengera dziko lonse lapansi. X-ray imodzi ya pachifuwa ndi pafupifupi 0.1 kapena kucheperapo, kutanthauza cheza chimene mukanalandira m'masabata awiri mutangokhala pakhonde. CT ya mutu ndi pafupifupi 2, ya pamimba imafika 8 mpaka 10, cheza cha zaka 3 kapena 4 pa tsiku limodzi. Choncho kukana X-ray ya pachifuwa uku ukutsokomola mwezi wathunthu n'kuopa mthunzi. Koma kupempha CT mobwerezabwereza popanda chifukwa, makamaka kwa ana amene matupi awo akukula, kumawonjezera pang'ono mpata wodzadwala khansa m'tsogolo. Amene amatsatsa kujambula thupi lonse kwa munthu wosadwala ndimawakayikira pa chifukwa chimenechi. Wojambula amabisala kuseri kwa khoma chifukwa iye amajambula anthu ambirimbiri tsiku ndi tsiku, inu mumabwera kamodzi. Ndipo kuno kuli lamulo la 2011 limene linakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority loyang'anira makina otulutsa cheza. Mayi amene ali ndi pakati kapena akukayikira anene asanajambulidwe X-ray kapena CT. Nthawi zambiri pamapezeka njira ina, ndipo ngati palibe, adokotala amayeza phindu ndi chiopsezo.

Pa bere pali X-ray yakeyake yotchedwa mammogram, imene imafinya bere pakati pa mbale ziwiri. Imaona bwino mwa amayi a zaka 40 kupita m'tsogolo. Mwa atsikana ndi amayi achichepere bere limakhala lothina, ndiye amayamba ndi sikani. Zonse ziwiri sizitsimikiza khansa, chotsimikiza ndi kachidutswa ka chotupacho kakayezedwa ku labu. Khansa ya khomo la chiberekero ikamayamba sioneka pa makina onse ndatchulawa. Imapezeka poyezetsa khomolo, ndipo mayi amene sikani yake ya pachinena inatuluka bwino asaganize kuti wayezetsa.

Ngati akulemberani wa ku Blantyre

Funsani adokotala amene akukutumizaniwo mafunso awiri musananyamuke: akufuna kuona chiyani, ndipo zotsatira zikasintha chiyani pa chithandizo chanu. Safunsa anadya phula. Pemphaninso kuti atsimikize tsiku ndi malo, chifukwa makina akuluakuluwa amafuna magetsi okhazikika ndi amisiri osowa, ndipo akaima amatha kuima nthawi yaitali. Ngati ndi CT ya mankhwala obaya, magazi a impso yezetserani konkuno kuti musakagone pa benchi kudikira labu. M'zipatala za boma chithandizo kawirikawiri ndi chaulere, m'zolipira mtengo umasiyana malinga ndi chiwalo komanso ngati pali mankhwala obaya, ndiye funsani mtengo wonse musanakwere minibasi.

Tengani kalata, buku la kuchipatala ndi zithunzi zonse zakale, ngakhale za zaka 5 zapitazo. Kadontho ka m'phapo kamene kanalipo kale ndipo sikanakule ndi nkhani ina, kamene kangomera chaka chino ndi nkhani inanso, ndipo wowerenga sangasiyanitse popanda chithunzi chakalecho. Filimu ya X-ray musaipinde, musaisiye padzuwa kapena pafupi ndi moto. Akakupatsani CD, jambulaninso lipoti lolembedwalo pa foni, pakuti si chipinda chilichonse cha adokotala chili ndi kompyuta yotsegula CD. Pa envulopu lembani tsiku ndi chiwalo chimene anajambula. Mukabwerako musapitirire kumudzi ndi envulopuyo m'chikwama. Tsikirani kaye kwa adokotala amene anakutumani aja.